Katsache ka Kanyumbu

Kalekale, m'mudzi mwathu muja mwa kuseri kwa phiri, tisanasamukire kumsewu kuno, munali mkamwini wina dzina lake Kanyumbu. Musati "tili tonse" ayi, iyi si nthano ya ana. Manja azitong'ola chimanga, makutu kuno. Makamaka iwe Esinati, wakhala patali ngati sukumvawe, nkhaniyi ndi yako.

Kanyumbu anali munthu wa ng'ombe. Wamtali, wakuda bii, mano oyera mbee, moti azimayi popita kuchitsime ankazungulira kudambo kumene ankadyetsa, chonsecho njira yachidule inalipo. Ee, makolo athu aja! Musamayese kuti onse ankayenda maso ali pansi. Iye anakwatira Nakwenda, nabereka mwana mmodzi yekha, wamkazi, dzina lake Mwatitha. Mwatitha ameneyo ndiye agogo awo a agogo anga.

Mwana uja anabadwa bwinobwino, wonenepa, maso owala. Koma kumukhudza! Kumusisita patsaya, kulira. Kumubereka, ankauma gwa ngati mtengo mpaka umutsitse. Mkanda wa m'chiuno ankaukoka mpaka udukire pansi. Tsiku lomumeta mudzi wonse unkadziwa kuti lero kwa Nakwenda kuli lumo. Anakwanitsa zaka zinayi asanakhalepo pamiyendo pa munthu mwa kufuna kwake. Mwamva? Zaka zinayi! Ankakhala yekha pamthunzi wa nkhokwe, akugwedezeka uku ndi uku, ndipo azimayi akayamba kusinja ankatseka makutu.

Nanga mudzi ungakhale chete? Kuchitsime nkhani inapsa. "Mwana sakana manja chabe. Alipo amene wamusempha, wayenda kwina mwana ali wakhanda." Ndiye tsidya la dambo kunali mkazi wamasiye, Nachuma, amene tsiku lina anaoneka akupatsa Kanyumbu chikho cha thobwa. Thobwa basi! Koma pofika kuchitsime thobwa lija linali litasanduka mphasa. Ine sindinaliko. Kungoti agogo anga ankati Nachuma uja akaseka, ndi ng'ombe zomwe zinkatembenuka. Weruzani nokha.

Apongozi ake a Kanyumbu, a Nangozo, sanachedwe. Paja mkamwini ndi apongozi sayang'anana kumaso, choncho iwo anaima kuseri kwa nkhokwe n'kumalankhula ndi nkhokweyo.

"Nkhokwe iwe, umuuze mwana wa eni akeyo kuti manja ake ndi otentha. Asadzakhudzenso mdzukulu wanga. Akadzatero, khasu lake adzalipeza panja."

Kanyumbu ananjuta mbali inayo. "Ndamva, amayi. Koma ine sindinapite kwina kulikonse."

"Nkhokwe siimva zimenezo," anatero a Nangozo, n'kumapita.

Kuyambira tsiku limenelo bambo uja anakhala munthu wa maso okha. Akabwera ndi masuku, ankaika pamwala n'kubwerera m'mbuyo. Anzake atanyamula ana pamapewa, iye manja kumbuyo. Mwana wake akagwa, iye ankaitana mkazi wake, "Nakwenda, thamangani!" chonsecho waima pomwepo. Kudambo ankati akagwira mwana wa ng'ombe, ankamukumbatira nthawi yaitali mpaka anzake kumuseka. Kodi inu munayamba mwalakalaka chinthu chili pafupi, mukuchiona m'mawa, mukuchiona masana? Ine ndikalakalaka, imakhala nsalu ya m'sitolo. Iye anali mwana wake womubereka yekha.

Tsiku lina masana anakhala pachulu akuyang'ana ng'ombe ikunyambita mwana wake. Anaona chinthu. Ntchentche ikatera pamsana pa kamwana kaja, khungu linkanjenjemera, kenaka kankadumpha ngati kaotchedwa. Koma mayi wake akadutsitsa lilime lokhakhala lija, mwamphamvu mpaka kamwana kudzandira, kankatsinzina n'kuima phee.

"Ha!" anatero Kanyumbu. "Kodi tonsefe takhala ntchentche kwa mwana uja?"

Pajatu aliyense, poopa kumuliza, ankamukhudza Mwatitha ndi nsonga za zala, monyengerera, mofewa. Kufewa komweko ndiko kunkamuwotcha.

Anasenda luzi, nalisinja pamwala mpaka linafewa, namanga kamtolo, n'kudula kumapeto kuti kufanane. Katsache kakang'ono, kokwana m'dzanja. Atakayesa pamkono pake, lilime la ng'ombe lenileni! Mumtima anati, "Andiletsa manja. Luzi sanaletse."

Koma sanathamangire mwana ayi. Anakakhala chapatali ndi nkhokwe n'kumadzipukuta yekha mkono, osayang'ana kwa Mwatitha. Tsiku loyamba, chete. Lachiwiri, chete. Lachitatu mwana anaba diso. Lachinayi anasendera, natambasula kamkono. Bambo uja anakanikiza katsache, kuchokera paphewa kutsika mpaka kuzala, kamodzi, mosadukiza. Mwana anakoka mpweya. Kanyumbu anadikira kulira. Kulira sikunabwere. M'malo mwake kunabwera mkono winawo.

Kenaka msana. Kenaka miyendo. Kumaso anakana, pamimba anakana, ndipo bambo ake sanamukakamize. M'mawa asanatsekule khola, masana, ndi pobweza ng'ombe, tsiku ndi tsiku, Nakwenda ataima pakona pa nyumba kuyang'ana njira. Mwezi usanathe mwana anavomera nsalu. Anavomera kusamba. Mtondo ukalira ankangokwinya nkhope basi.

Koma chinsinsi m'mudzi? Ndani anachionapo? Wina anasuzumira pampanda, ndipo dzuwa lisanapendeke kuchitsime kunali kuti, "Mkamwini uja akusesa mwana ngati bwalo! Akufafaniza mapazi a zimene anachita kwa Nachuma!"

M'mawa mwake Kanyumbu anapeza khasu, nkhwangwa ndi mphasa zili panja. Nakwenda akulira m'nyumba. Iye sanakangane. Anakoleka nkhwangwa paphewa, napinda mphasa, n'kuyamba njira ya kwawo. Katsache anakasiya pamwala uja ankaikapo masuku.

A Nangozo anakatola. "Ngati mankhwala ake ndi luzi, manja ndili nawo nanenso." Musawade mayi aja, mdzukulu ankamukonda. Chikondi chomwecho chinawapangitsa kudutsitsa katsache pamwamba chabe, ngati nthenga. Mayo ine! Mwana anakuwa, nadzigwetsa pansi, n'kumamenyetsa mutu kutsinde la nkhokwe. Anthu anasonkhana.

"Amayi, aitaneni!" anatero Nakwenda.

"Ndiitane mkamwini ine? Ndi pakamwa pangapa?"

Akukangana chomwecho, Mwatitha anadzuka, natsomphola katsache, liwiro kunjira. Mwana amene sankapitirira mthunzi wa nkhokwe! Mudzi wonse pambuyo pake. Anawapeza bambo ake ataima pamphambano, pakuti kukuwa kuja anakumva ndipo miyendo inakana kupitirira. Mwana anawapatsa katsache, natambasula mkono. Kanyumbu anagwada, nakanikiza. Kamodzi. Kawiri. Kulira kunasanduka kusisima, kusisima kunatha.

Ndiye tamverani. Mwatitha analanda katsache kaja n'kukataya pafumbi. Anagwira dzanja la bambo ake, dzanja loletsedwa lija, naliika pamkono pake, nalipanikiza ndi kadzanja kake kena. Mwana wa mawu owerengeka uja anati, "Tate, kanikizani."

Kanyumbu anakhalabe chigwadire. Kuyang'ana apongozi sakanatha, kuchotsa dzanja sakanatha. A Nangozo anayang'ana uku ndi uku, nkhokwe palibe. Anatembenukira kumtengo wa msuku unali pambali.

"Mtengo iwe, umuuze abweze khasu m'nyumba. Lichita dzimbiri panjapo."

Musaganize kuti kuyambira pamenepo mwana ankadumphira bambo ake m'khosi. Ayi. Kukumbatira kumene Kanyumbu ankakulota sikunabwere mpaka imvi. Chimene chinabwera n'chakuti madzulo ena Mwatitha ankadza n'kutsamira msana wake pamsana pa bambo ake, molimba. Bambo uja ankakhala osasuntha, ngakhale mwendo uchite dzanzi, ngakhale ng'ombe zilowe m'munda mwa eni. Ndipo atakalamba, ali gone pamphasa yake yomaliza, amene ankawapukuta mikono ndi katsache anali Mwatitha, ali mayi wa ana asanu.

Katsache kameneko ine ndinakaona ndili mtsikana, katasomekedwa kudenga kwa agogo, katada ndi utsi. Posamuka tinakasiya. Ndinanyamula kalilole wosweka, ine chitsiru, katsache n'kukasiya! Pano kumeneko kwamera tchire, nkhokwe kulibe, ng'ombe kulibe. Masiku ena ndimafuna ndikangoima pamphambano paja, mwina msuku uja ukadalipo. Ndipo Kanyumbuyo ndikanakonda nditamuonako, mano akewo, ndidziwe ngati Nachuma anali ndi mlandu.

N'chifukwa chake kubanja kwathu mwana akakana manja sitifunsa kuti bambo ake anamwa thobwa la yani. Timafunsa kuti khungu lake likumva chiyani. Sitimugirigisha, sitimugwira modzidzimutsa. Timakhala pansi, timadikira atambasule yekha mkono, ndipo pamene wakana timasiya.

Tsono iwe Esinati. Zimene akunena kumjigo za Pempho wako ndi bambo ake ndazimva. Ndisaname, ina mwa izo inatuluka pakamwa panga pomwepa, ndipo lero ndaimeza. Kaburashi kamene anakupatsa kuchipatala kaja usamakabise m'chikwama poopa maso a anthu. Uzichita monga anakuonetsera, pamene wasokonezeka ubwerere ukafunse. Ndipo mwamuna wako uja ndamuona, amaima pakhomo manja kumbuyo, akuyang'ana mwana. Umupatseko agwire.

Taona, sunatong'ole n'chimodzi chomwe. Siya, nditong'ola ndine. Pita, ukamupeze mwamuna wakoyo asanachoke.