Chifukwa Chake Kamvuluvulu Amazungulira M'chipululu

Amene analakwira Chadzunda ndi mlamu wake, Mkwezalamba, chaka chimene mvula inagwa kamodzi n'kuleka. Khalani pansi, ana inu, poti makolo anu zoterezi sakuuzani.

Kalelo mphepo inkayenda mowongoka ngati munthu wodziwa kwawo. Anthu ankakhala pakatikati pa dziko, kutali ndi nyanja, kumene kulibe mtsinje, koma mchenga wofiira ndi mitengo yaminga. Panjira yopita kumapiri panali chitsime chimodzi chokha, ndipo chinali ndi mwambo wake. Ukamwa, unkadzaza chipanda n'kuchisiya pamthunzi kuti wobwera pambuyo apeze madzi. Kenako unkavundikira chitsimecho ndi mwala wathyathyathya kuti mchenga usalowemo. Ngakhale mfiti inkatsata mwambowo.

Chilala chitakula, anthu anayamba kusamukira kumapiri. Chadzunda anatsalira chifukwa anabereka kumsana mwana wake wamkazi, Naliyela, amene thupi linali moto. Mkwezalamba, malume a mwanayo, anali ndi mbuzi zambiri.

"Alamu, tsogolani," anatero Chadzunda, "koma mutisiyire chipanda."

"Mukundiphunzitsa mwambo ine?" anaseka Mkwezalamba. "Mkamwini wadzulodzuloyu! Chitsimecho anakumba ndi agogo anga."

Mkwezalamba anafika pachitsime dzuwa lili paliwombo. Anamwa, namwetsa mbuzi zonse. Kambuzi kena kanaliralirabe, ndiye anakakhuthulira chipanda chimene anachipeza chodzaza, osachidzazanso. Atagwira mwala uja, unamuotcha m'manja. Anausiya.

"Obwerawo ali ndi manja awo," anatero, napita. Achibale ndi otero, musandifunse kuti ndadziwa bwanji.

Mphepo inabwera ndi mchenga wake. Pamene Chadzunda ankafika, anapeza chipanda chili gada, mwala uli pambali, chitsime chitakwiririka. Anatsitsa mwana n'kuyamba kufukula ndi manja. Anafukula mpaka zikhadabo zinazuka, koma mchenga unkabwereramo.

"Ababa," anatero Naliyela, milomo itang'ambika, "amalume atisiyira?"

"Atisiyira, mwanawe. Tagona pang'ono."

Mwana anagona, ndipo sanadzukenso. Chadzunda anamuika m'dzenje lomwe anakumbalo, navundikira ndi mwala uja. Unamuotcha nayenso, koma anaunyamula.

Kumapiri anapeza Mkwezalamba akukama mbuzi.

"Mwafika, alamu! Nanga mwana ali kuti?"

"Ali pansi pa mwala umene unakulemerani."

Mlongo wake wa Mkwezalamba, mayi wa mwanayo, amene anatsogola ndi anthu ena, sanalire. Anatola chipanda chouma chija, chimene mwamuna wake anabwera nacho, n'kumupatsira mchimwene wakeyo.

"Achimwene, bwererani. Mukafukule chitsime cha agogo anu, mukadzaze ichi. Musaponde pano chili chouma."

Panalibe womuikira kumbuyo. Mkwezalamba anatsika yekha. Koma mchenga unali utasuntha, wakwirira njira, mwala ndi manda omwe. Anakumba apa, anathamangira apo, anazungulira, anazunguliranso, fumbi lili koboo kumutsata.

Ndi chifukwa chake lero, dzuwa likafika paliwombo m'dziko louma, mumaona kamvuluvulu akuzungulira, akutokosa mchenga, kunyamula zinyalala n'kuzitayanso. Akufuna chitsime. Akakudutsani, musamumvere chisoni.

Chadzunda anakalamba wopanda zikhadabo, ndipo dzina la mlamu wake sanalitchulenso. Mbuzi zija zinafa chaka chomwecho. Mkwezalamba chitsime sanachipeze. Anauma ali chiyendere, nasanduka fumbi.