Munthu Amene Munalibe M'minibasi

Zuze analibe ngakhale tambala, koma anafuna kukafika ku Lunzu. Anasiya maminibasi opanda anthu nakwera yodzaza kale, ya kondakitala Bwanali, amene ankatchuka ndi kulanda nsapato za osalipira.

Atayandikira pomwe apolisi amaimitsa magalimoto, Bwanali anayamba kudandaula, poti anali atapyoza chiwerengero chololedwa ndi munthu mmodzi.

"Musavutike achimwene, ndibisala ine," anatero Zuze, nalowa pansi pa mpando, kuseri kwa thumba la makala.

Wapolisi anasuzumira nawerenga mitu. "Onse ndi omwewa?"

"Ndi omwewa bwana," anayankha Bwanali. "Ndikulumbira, mulibenso wina!"

Atafika pa Lunzu, Zuze anatuluka akudzisansa fumbi. Bwanali anamugwira malaya.

"Ndalama, aise. Apo ayi, vula nsapato."

"Inu mwalumbira pamaso pa boma kuti ine mulibe," anatero Zuze. "Munthu amene mulibe alipira bwanji? Kapena tibwerere, akatiweruze bwana aja?"

Bwanali anatembenukira anthu kuti amuthandize. Mayi mwini makala anayang'ana uku ndi uku, nafunsa modabwa:

"A kondakitala, kodi mukulankhula ndi ndani?"