Mikanda ya Vitumbiko

Vitumbiko anabwerera kwawo ku Bolero kuchokera ku koleji ali ndi laputopu m'khwapa, mphuno italoza kumitambo. Bungwe la alimi a ku Nkhamanga linamupatsa ntchito yake yoyamba: kulemba pulogalamu yosunga mayina zikwi makumi atatu a olandira mbewu.

"Mukugogoda chiyani, a injiniya?" anafunsa bambo ake, a Hezron, mphunzitsi wopuma.

"Ndikusankha mndandanda wotha kukula, adada. Ilipo iwiri. ArrayList ili ngati buku la nyimbo, mukatchula nambala mwafika. LinkedList ili ngati mikanda pa ulusi, mumalowetsa wina pakati osasuntha enawo. Ndatenga mikanda, ndi yokongola chomene."

"Nanga mkanda wapakatikati muupeza bwanji?"

"Pulogalamu imawerenga kuchokera kunsonga. Adada, izi si za choko."

Mdalayo anangopsontha tiyi wake.

Mvula itagwa, tsiku logawa mbewu linakwana. Koma mlimi aliyense akafika, pulogalamu inkayang'ana mayina nambala ndi nambala, ndipo pa nambala iliyonse inkayambiranso kuwerenga mikanda kunsonga. Laputopu, yotopa kale, inayamba kupuma wefuwefu ngati ng'ombe yapangolo. Dzuwa lili paliwombo, mzere wa alimi unali usanasunthe n'komwe.

"Mwana wa aphunzitsi," anakuwa mayi wina, "tidzala ife kapena adzadzala adzukulu athu?"

Wapampando wa bungwe anati zikapitirira chomwecho abwerera kumakope, ndipo ntchito ithera pompo.

Vitumbiko anazemba n'kukalira kuseri kwa nyumba yosungira mbewu. Kumeneko n'kumene bambo ake anamupeza, njinga ali nayo m'manja, chinangwa chophika chili m'kansalu. Zoti "ndinanena ine" sanatchule.

"Idya kaye, mwana wane. Buku la nyimbo lija likadalipo?"

"Lilipo. N'kungosintha mzere umodzi m'pulogalamu basi."

"Ndiye misozi yonseyi ndi ya mzere umodzi? Ya ukwati idzachokera kuti?"

Vitumbiko anaseka mamina ali tayale, n'kuchotsa mikanda ija kuikapo buku la nyimbo. Mayina anayamba kutuluka ngati ngumbi pachulu, ndipo dzuwa lisanalowe mlimi womaliza anasenza mbewu yake.

Pobwerera, Vitumbiko ndiye anakankha njinga.

"Yewo, adada," anathokoza chapansipansi.

"Mikanda muzivala m'khosi, a injiniya. Imakukhalani."

Kuyambira tsikulo, asanasankhe chida, Vitumbiko amayamba wafunsa kuti chikagwira ntchito yanji. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.