Mwini Maliro a Mwenye wa pa Gwaza

Kalekale, magalimoto akadali osowa pamsewu wa fumbi, pamphambano pa Gwaza padali sitolo imodzi yokha, ndipo mwini wake adali mwenye. Dzina lake lidali Valimamadi, koma anthu akumeneko adalidula n'kutsala Valima. Mchere, palafini, singano, nsalu, zonse mudzi unkagula kwa iyeyo, uku ukumutukwana chamumtima.

Tisanamizane, Valima sadali munthu wofewa. Ukakhudza nsalu yake osaigula, ankaikutumula iwe ukuona. Antchito ake ankamwera madzi m'chitini chopachika pamsomali kuseri kwa nyumba. Koma chimene chinkawawa anthu koposa n'chakuti pakagwa maliro, iye sankatseka sitolo. Bokosi likudutsa pamsewu, amayi akulira, mkuluyo ali pakhonde n'kumayeza nsalu, wailesi ikuimba nyimbo za kwawo. Pasiwa osafikapo, ngakhale kambale ka ufa osatumiza. Munthu wanji ameneyo? Kwathu kuno maliro n'kulirana.

Komatu a pa Gwaza nawo asadziyeretse. Valima yemweyo adakwatira mkazi wa m'mudzimo, Esinati, osati mobisa ngati anzake ena, koma masanasana, n'kumulowetsa pakhomo lakumaso. Amwenye anzake a ku tauni adamutaya tsiku lomwelo, ati wadetsa mtundu. Abale a Esinati nawo ankati mwana wawo wadzigulitsa ndi mpango. Esinati atamwalira, abalewo adadzanyamula thupi osamufunsa mwamuna wake, ndipo Valima atawalondola adamubweza pampata wa kumanda. "Kuno si kusitolo, bwana. Bwererani mukagulitse mchere." Adabwereradi. Kuyambira tsiku limenelo, maliro akamadutsa ankakweza wailesi ija.

Pakati pa chidani chonsechi padakulira mwana wawo mmodzi yekhayo, Lukiya. Pachitsime ankamutcha Kamwenye, n'kumamukoka tsitsi kuti aone ngati n'lakedi. Tsiku lina bambo ake adamutengera ku tauni kwa abale awo, ndipo kumeneko adamupatsira chakudya kuseri, pafupi ndi agalu. Bambo ake atazindikira adasiya mbale ili pakati, n'kumugwira dzanja, osadzapondakonso. N'chifukwa chake Lukiya ankawakonda bambo akewo ndi nkhanza zawo zomwe, pakuti padziko lonse ndi okhawo amene sankamufunsa kuti ndi wa mtundu wanji.

Lukiya atakula n'kukhala mayi, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, adawapeza bambo ake m'mawa atagwa kuseri kwa kauntala, atazizira kale. Mkuluyo ankapempha chinthu chimodzi chokha ali moyo. "Mwana wanga, ndikadzafa adzandisambitse mwa chipembedzo changa, adzandikulunge m'nsalu yoyera, adzandiike pansi msanga. Usadzalole kuti ndiwolere panja."

Lukiya adatuluka pakhonde n'kulira mokweza, monga amalirira munthu kuti mudzi umve. Mudzi udamva, koma palibe adabwera. Mayi wina yekha adaima pamsewu ndi kabotolo ka palafini n'kufuula, "Kodi lero mwatseka? Zodabwitsa! Ife timayesa sitolo ino sidziwa maliro."

Lukiya adatumiza uthenga ku tauni kudzera kwa dalaivala wa basi. Yankho lidabwera ndi basi yomweyo pobwerera: akuluakulu a amwenye akuti kumanda kwawo kulibe malo a munthu amene adadzichotsa yekha pakati pawo.

Adathamangira kwa malume ake, a Kambalame, mlongo wa malemu mayi ake, amene kwa zaka zonsezi sankamuyankha ngakhale moni. Adagwada pansi n'kuwapempha malo pafupi ndi manda a mayi ake. A Kambalame sadasiye n'kusema mpini komwe. "Kumanda kwathu sikugona mwenye. Adatilanda mlongo wathu ali moyo, afunanso akamulande ali wakufa?"

Adapita kwa a Jailosi, mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda. Apa ndiye padali bala. Zaka zapitazo mwana wa a Jailosi adadwala mwakayakaya, ndipo iwo adakagwada kwa Valima kupempha lole kuti athamangire naye kuchipatala. Valima adati lole ndi ya katundu. Mwanayo adafera panjira, pamsana pa bambo ake. Tsono a Jailosi adangomuyang'ana Lukiya n'kunena, "Adzukulu tagwirizana, khasu lathu silikhudza nthaka chifukwa cha ameneyo. Akumbe yekha ndi sikelo yake."

Tsiku lidapita, lina n'kucha, ndipo lidali la msika. M'nyumba muja ntchentche zidayamba kulowa. Lukiya adatseka mawindo, adafukiza lubani, koma Okutobala sanyengereka. Misozi idamuthera, m'malo mwake mudalowa ukali. Adatenga khasu, adapita pakati penipeni pa mphambano pomwe anthu adadzaza, n'kuyamba kukumba.

"Mwapenga kodi, mayi inu?" adafunsa wogulitsa nsomba wina.

"Eya, ndapenga!" adakuwa Lukiya. "Ndiwaika pompano bambo anga, pamsewu, kuti muziwaponda popita kumsika, mitima yanu izizire! Adali oipa, ndavomera. Sadalire nanu, ndavomera. Nanga ine ndidakulakwirani chiyani? Pamaliro anu onse si ine ndinkatunga madzi, inu mukundikoka tsitsi? Amwenye akuti ndine wakuda, inu mukuti ndine mwenye. Chabwino! Ndilibe mtundu, ndiye ndilibenso manyazi. Fungo likayamba, tinunkhiza tonse!"

Khasu linkadumpha panthaka youma ija ngati likumenya mwala, koma iye osaleka. Mbiri idawanda msangamsanga, ndipo dzuwa lisanafike pamutu padatulukira amuna atatu.

Woyamba adali a Kambalame. Adamulanda khasu mwana wa mlongo wawoyo mwankhanza. "Ukutichititsa manyazi! Kumanda ndakana ndipo ndikukanabe. Koma kumapeto kwa munda wanga kuli mtengo wa mango, kamuike kumeneko." Abale inu, umenewo udali munda wokhawo umene a Kambalame ankadyera, ndipo ankadziwa bwino kuti mkazi wawo ndi ana sadzalolanso kulima pafupi ndi manda, ngakhale kutola mango a mtengo umenewo. Adapereka ndithu. Koma Lukiya atati athokoze, adamudula pakamwa. "Usandithokoze, Kamwenye iwe. Sindikuchitira bambo ako. Ndikuchitira mlongo wanga, kuti asamve kumandako kuti mwana wake wasanduka wamisala pamsewu."

Wachiwiri adali Satara, mng'ono wake wa Valima, amene adatulukira pagalimoto kuchokera ku tauni, fumbi lili kobo. Ameneyu ndi yemwe uja adalamula kuti Lukiya adyere kuseri ndi agalu. Akuluakulu a kwawo adamuletsa kubwera, adamuopseza kuti akapita mwana wake wamkazi sadzapeza banja pakati pawo, koma iye adabwera, atanyamula sanda, nsalu yoyera yokulungira maliro. Adalowa m'chipinda chimene aliyense ankachithawa chifukwa cha fungo, adapinda malaya, n'kumusambitsa mkulu wake ndi manja ake, chiwalo ndi chiwalo, akuwerenga mapemphero amene pa Gwaza panalibe wowadziwa, misozi ikugwera m'beseni. Koma Lukiya atayandikira pakhomo kuti awaone bambo ake komaliza, Satara adamukankhira ndowa. "Iwe mtsikana, katunge madzi ena." Mtsikana! Mwana wa mkulu wake weniweni, dzina lake osalitchula ngakhale kamodzi.

Wachitatu adali a Jailosi. Palibe adawaitana. Adangofika pamtengo wa mango paja ndi piki ndi fosholo, okhaokha, adavula malaya n'kuyamba. Adzukulu anzawo adaima chapatali n'kuwachenjeza, "Mukakumba amenewo, anu mudzakumba nokha." Iwo osatembenuka. Manda amene amakumba anyamata gulu, mosinthana, iwo adakumba okha padzuwa la Okutobala mpaka matuza adaphulika, mpini n'kufiira magazi. Satara atabwera kudzaloza kumene mutu uyenera kuyang'ana, a Jailosi adaponya fosholo pansi. "Musandilamule! Pano si pasitolo!" Lukiya atawapempha yekha ndi pamene adawongola dzenjelo. Adawabweretsera madzi m'kapu yagalasi ya bambo ake, koma iwo adaikana. "Sindidamukhululukire, mayi, ndipo sindidzamukhululukira. Ndikukumba kuti akafika uko akamuuze mwana wanga kuti amene adamunyamula pomaliza ndi Jailosi, yemwe uja adamanidwa lole."

Dzuwa litapendeka zonse zidali zokonzeka. Anthu a pa Gwaza, manyazi atawagwira, adayamba kubwera mmodzimmodzi mpaka munda udadzaza. Amuna atatu aja, osayang'anana, adanyamula thupi pamodzi ndi dalaivala wa Satara, chifukwa panalibenso wina wogwira mbali yachinayi.

Ali pafupi kufika, Satara adatembenuka n'kumuuza Lukiya kuti kwawo akazi safika pamanda. Lukiya adamuyang'ana m'maso. "Bambo aang'ono, masiku awiri ndakhala ndekha ndi mtembo uwu, ndikuingitsa ntchentche. Pamenepo ndinali mwamuna? Chokani panjira." Satara adapatuka.

Tsono kumeneko mwambo udali wakuti thupi silitsikira m'manda mwini maliro asanalankhule. Ndipo mwini maliro si dzina lachabe. Amene waima pamanda n'kunena kuti maliro awa ndi anga, ndiye kuti walandira ndi ana amasiye omwe. Ndiye amadzaimira ukwati wawo, ndiye amayankha milandu yawo, ndiye amadzawaika nawonso akamwalira. Nyakwawa ya m'mudzimo idakweza mawu n'kuti, "Mwini maliro aimirire, atiuze mawu."

Adaimirira atatu.

"Mbumba ndi yanga," adatero a Kambalame. "Mwana uyu adatuluka m'mimba mwa mlongo wanga, ndipo nthaka imene mwaimapoyi ndi yanga. Popanda ine bwenzi mwenyeyu ali pamsewu."

"Wagona apayu ndi mkulu wanga, bere limodzi," adatero Satara. "Ndamusambitsa ndine, ndamuveka ndine. Popanda ine mukadamukwirira ngati mbuzi. Mtsikanayu ndimutenga, akakhale kwathu."

A Jailosi sadanene zambiri. Adangotambasula manja awo otuwa ndi dothi, magazi ali chuchuchu. "Ine si m'bale wake. Koma abale akewo dzulo adali kuti? Malo opanda dzenje si manda, nsalu yopanda dzenje si manda. Ine ndidaika mwana, uyu akuika bambo. Ngati akufuna pokhala, kwathu khomo n'lotsekula."

Padabuka phokoso. Ena ankati chibale ndi fupa sichiwola, ena ankati fupa lanji lobwera mtembo utayamba kununkha. A Kambalame ndi Satara adayamba kulozana zala pamwamba pa thupi, wina akuti akuba inu mudatidyera dziko, wina akuti aulesi inu mukadafa ndi njala popanda ife. Nyakwawa idaona kuti dzuwa likupita ndipo maliro sangadikirenso. Idatembenukira kwa Lukiya. "Mayi, mlandu uwu watikanika. Lozani nokha. Amene mumuloze ndiye alankhule, ndipo ndiye mwini wanu kuyambira lero."

Lukiya adaimirira. Adawayang'ana malume ake, amene adataya munda chifukwa cha iye koma mpaka lero lomwe akumutcha Kamwenye. Adamuyang'ana Satara, amene adanyoza mtundu wake wonse kuti akwaniritse pempho la bambo ake, koma kwawo kumene akuti amutengereko n'komwe kuja adadyera ndi agalu. Adawayang'ana a Jailosi, amene adataya anzawo ndi khungu la m'manja mwawo, koma amene tsiku lililonse adzamuone adzakumbukira lole ija, ndipo dzina la bambo ake m'nyumba mwawo lidzakhala chitukwano. Popanda mmodzi wa atatuwa bambo ake akadawolera panja. Komanso mwa atatu onsewa panalibe ngakhale mmodzi amene adamuuza mawu aang'ono aja akuti pepa.

"Ndiye mukuti ndisankhe amene adzandiike ine," adatero Lukiya, mawu atasasa.

"Ndi momwemo," idayankha nyakwawa.

Ntchentche zinkazungulira nsalu yoyera ija. Lukiya adapukuta nkhope ndi chitenje, n'kukweza dzanja lake.

Ine ndaima pomwepa, dzanja lili m'mwamba, pakuti ndikalitsitsa ndekha mudzati ndakondera. Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, musangokhala duu ngati a pa Gwaza, maliro akudikira. Wopereka nthaka, wosambitsa thupi, ndi wokumba dzenje, aliyense ndi chidani chake m'mimba: Lukiya aloze uti kuti akhale mwini maliro a bambo ake, ndi mwini wake wa iye yemwe?