Ndowa ya Utomoni ndi Dalaivala Wopupuluma

M'shedi ya kuseri kwa nyumba, mayi wina ankapanga zogwirira mapoto. Ankasakaniza utomoni ndi mankhwala oumitsira, pang'onopang'ono m'kapu, n'kuthira m'zikombole. Zikauma ankaziwotcha mu uvuni kuti zisamaope moto. Utomoni umenewu si kandulo: ukauma, wauma, susungunukanso.

Mwamuna wake anali dalaivala wa minibasi, munthu wa magazi othamanga. Tsiku lina khukhi wa pahotela anaitanitsa zogwirira za mapoto onse a m'khitchini mwake, nati abwera kudzaziyesa yekha pachitofu. Zikapirira, ntchito ndi yawo. Dalaivala uja anadziguguda pachifuwa.

"Mubwere mawa lomwe, bwana. Bizinesiyi ndi yanga, mayiwa amangothandiza."

Kungothandiza! Munthu amene zala zake zinachita kusupuka ndi utomoni!

M'mawa mayi atapita kukagula magolovesi, dalaivala analowa m'shedi. Kapu anaikankhira kumbali. Anakhuthulira utomoni wonse m'ndowa, mankhwala n'kuthira mowirikiza kuti ziume msanga, n'kuyamba kutakasa ndi mpini wa tsache akuimba mluzu.

Utomoni wambiri pamodzi umadzitenthetsa wokha. Ndowa inafunda, kenako inatentha, kenako utsi tolo! Bambo anathawira panja akutsokomola. Pobwerera anapeza mpini uli chilili pakati pa chimwala chachikasu. Anakoka, ndowa yonse inanyamuka.

Mayi anafika limodzi ndi khukhi. Anayang'ana ndowa, anayang'ana mwamuna wake.

"Bambo a mwana, mwadzala mtengo?"

"Utomoniwu unangogwira mabuleki wokha," anatero dalaivala.

"Nanga zogwirira zanga zili kuti, mayi?" anafunsa khukhi.

"Funsani eni bizinesi. Ine ndimangothandiza."

Khukhi anaseka mpaka kugwira khoma. Dalaivala anavula chipewa.

"Bwana, ndinanama. Ntchitoyi ndi ya mayiwa. Ine changa ndi chiwongolero."

"Ndiye ndikambirana ndi eni ake," anatero khukhi akupukuta misozi. "Mayi, mundipangira liti?"

"Utomoni ukalola. Koma wina agule watsopano."

Sabata yotsatira zogwirira zinakhala pachitofu cha khukhi osapindika, osanunkha, ndipo ntchito inakhala ya mayi. Paja akuluakulu ankanena kuti: kuthamanga si kufika.