Chidindo pa Thako la Mvuu

Kalekale, ananu sunthirani kuno, nanunso akuluakulu musanamizire kuti simukumva, nyama zinkayenga mafuta a mtedza padambo la Chikuse. Zinkasinja mumtondo, gu, gu, gu, thukuta kamukamu.

Mvuu atagula malowo anabweretsa makina a nthunzi, odya nkhuni, fuu, fuu. Anauza Njovu wosinja kuti, "Kapumeni." Kenako anakoka magetsi ndi lamba woyenda yekha wonyamula mtedza. Anauza anyani onyamula madengu kuti, "Kapumeni." Itabwera kompyuta, nayenso Kadzidzi woyang'anira ntchito anamva mawu omwewo.

Anatsala ndi Kangaude yekha, mayi wa miyendo ngati udzu. Iyeyu ndiye analuka timaulusi tolumikiza makina onse kuti azilankhulana. Diso la makina likaona kanthu limauza mkono, mkono umauza singano yosoka matumba, singano imauza sikelo, sikelo imauza lole yopanda dalaivala. Ntchito inkangoyenda myaa.

Tsono Kangaude anali ndi kathumba ka mazira pangodya ya denga, ndipo kunatsala masiku atatu kuti aswe.

"Mayi, mwaluka bwino," anatero Mvuu. "Kapumeni. Mawa madzulo tsache la makina lisesa denga lonse."

"Bwana, mazira anga ndikawasuntha afa. Ndipatseni masiku atatu okha. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe."

"Kuno ndi kufakitale, si kuchikuta."

Kangaude mtima unamuwawa kwambiri, koma sanalire. Amene amakhala kudenga amaona zambiri. Iye ankadziwa kuti dzuwa likafika paliwombo, Mvuu amagona kumapeto kwa lamba, kukamwa yasa, mtedza n'kumagweramo. Mwiniwake ankati uku n'kuyesa ubwino wa katundu. Kuyesa kwanji komaliza madengu asanu?

"Chabwino, bwana," anatero Kangaude. "Koma kwatsala kaulusi kamodzi. Makinawa sanauzidwe chochita ndi wakuba. Ine ndikachoka, anyani aja sabwera?"

Mvuu makutu anaima. "Wodya mtedza palamba asokeredwe m'thumba, lole ikamutaye kutali."

"Aliyense?"

"Aliyense."

"Nanga akalira, akapepesa, akati ndine wakutiwakuti?"

"Makina asamve. Ndinawagulira zomwezo, kuti asamamve madandaulo."

Kangaude analuka kaulusiko monga anauzidwira, osawonjezera, osachotsera. Atatha anakwera kukakhala pambali pa mazira ake, phee.

M'mawa mwake dzuwa linakwera, mimba ya Mvuu inayamba kulira. Chizolowezitu sichipempha chilolezo. Mkulu uja anagona pamalo pake, kukamwa yasa, kukutu, kukutu.

Diso linaona, linauza mkono. Mkono unati gwi pakhosi, nyamu. Singano inaona kuti thumba limodzi silikwana, inalumikiza matumba khumi ndi awiri, tcheketcheke, n'kusiya mutu ndi thako limodzi panja.

"Ndine mwini wake!" anakuwa Mvuu. "Ndine bwana wanu!"

Makina zii. Sikelo inamuyeza, inapeza kuti m'katimo mwadzaza mtedza ndithu, ndiye chidindo chinatsika pathako paja, pha: MTEDZA WABWINO ZEDI. Lole inaliza injini.

Kangaude anatsika ndi ulusi wake pang'onopang'ono, mpaka pamphuno pa Mvuu.

"Mayi, mayi wanga, aletseni," anatero Mvuu, misozi mbwembwembwe.

"Ine ndikupuma, bwana. Munanena nokha."

"Dulani kaulusi kaja."

"Maulusi alipo zikwi. Kuti ndikumbukire koyenera, pafunika masiku atatu. Mtima wa nakubala ukakhala pa mazira, mutu sugwira."

Lole inayamba kusuntha.

"Tsache silikhudza denga! Ngodyayo ndi yanu, ya ana anu, ya zidzukulu zanu!"

"Ngodya imodzi?"

"Zonse, mayi. Ngodya zonse."

"Ee, ndakumbukira," anatero Kangaude. Analuma kaulusi kamodzi, lole inaima pachipata.

Patapita masiku atatu mazira anaswa, tiana tinabalalika denga lonse. Mpaka lero, nyumba iliyonse imene mungalowe, yang'anani pangodya, mupeza mdzukulu wa Kangaude ali pamalo pake.

Koma Mvuu, inki ija inakana kuchoka. Anyani akamuona ankafunsana mokweza kuti, "Kodi mtedza wabwinowu akugulitsa kuti?" Manyazi anamugwira, anathawira mumtsinje kukanyika thako. Akunyikabe. Mukamuona watulutsa maso okha pamadzi, akusuzumira ngati anyani apita.

Ukamaphunzitsa makina kusamva kulira kwa anzako, uzikumbukira kuti nawenso uli ndi pakamwa. Yanga yathera pomwepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule, ine ndamva kale fungo la kupserera.