Mapepala a Malemu Amadu

Che Jawadu anafika kwa Shehe Twaibu swala, pemphero la masana, itangotha, envulopu ili m'khwapa, nkhope ili gwa. Chimwalirireni mkulu wake Amadu, mudzi wonse unkamuloza chala kuti ndiye anamuthirira tameki polimbirana munda. Nkhani inafika kukhoti, woweruza n'kulamula kuti chipatala chibweretse mapepala a malemuyo. Mapepalawo anaonetsa kuti Amadu anafa ndi matenda amene anawabisa kwa zaka. Jawadu anapempha kope lake, khoti linalola.

Koma mtima wa munthu amene watukwanidwa nthawi yaitali sukhuta msanga. Patsamba lina mlangizi wa kuchipatala anali atalemba dzina la mayi amene Amadu anaulula kuti ankayenda naye. Anali Abiti Rajabu, mkazi wamwini, mwamuna wake ali ku Joni. Alongo ake a mayiyo ndi amene ankakuwa kwambiri kuti Jawadu ndi wakupha.

Shehe anali pamkeka kuseri kwa mzikiti, akusoka kanzu yawo yong'ambika. Anayankha salamu, n'kumusendera malo.

"Shehe," anatero Jawadu, "Lachisanu kuli sadaka ya achimwene. Ndikupempha kuti mukatha duwa yopempherera malemuwo mundipatse mpata ndiwerenge mapepalawa. Onse, osasiyako."

"Muli chiyani m'menemo, Che Jawadu?"

Anawafotokozera. Pofika pa dzina lija mawu ake anakoma, moti iye mwini anachita manyazi pang'ono.

"Mayiyo analipo kukhoti?"

"Ayi."

"Anafunsidwa?"

"Sakudziwa n'komwe. Koma Shehe, sindinabe. Chidindo cha khoti ndi ichi. Ine ananditukwana pagulu, ana anga anasiya kupita ku madrasa chifukwa cha manyazi. Ndani anandimvera chisoni?"

Shehe anabaya singano pansalu n'kuisiya pomwepo. "Munalakwiridwa, ndipo ine zinandipweteka. Ndiloleni ndikufunseni kanthu. Tsiku limene tinkasambitsa thupi la akulu anu, munali kuti?"

"Ndinali m'nyumbamo ndi inu. Ndine ndinkathira madzi."

"Anthu ena onse?"

"Anali panja. Saloledwa."

"Inu munaloledwa. Nanga nsalu imene tinafunditsa kuyambira pamchombo mpaka m'maondo, munaivundukula?"

Jawadu anadzidzimuka. "Astaghafirula! Tinasambitsa kunsi kwa nsalu, dzanja litakulungidwa. Ndani angachite zimenezo?"

"Bwanji? Chilolezo munali nacho. Mwini thupi sakanadandaula."

"N'chifukwa chake, Shehe. Sakanatha kudzifunditsa yekha."

Atangotero, envulopu ija inayamba kumulemera pamiyendo. Anakumbukira kuti m'mawa womwewo anakumana naye Abiti Rajabu akuchokera kumjigo, ndowa pamutu, mwana kumbuyo, ndipo mayiyo anapatuka panjira n'kumupatsa moni mwaulemu. Mwamuna wa mayiyo Jawadu ankamudziwanso bwino: munthu wa mkono wachangu, amene anathyolapo mkazi woyamba nthiti chifukwa cha mphekesera chabe.

Komabe mkwiyo unali usanathe. "Ndiye ndingokhala? Alongo ake aja aziyenda mutu uli m'mwamba?"

Shehe anayankha motsitsa mawu. "Khoti linakulowetsani m'chipinda kuti musambe litsiro limene anakupakani. Silinakupatseni anthu onse amene munawapeza m'menemo. Lachisanu ndidzaima nanu, ndipo ndi pakamwa pangapa ndidzanena kuti Che Jawadu sanaphe mbale wake, khoti laona umboni. Tsamba linalo likhale kunsi kwa nsalu. Akulu anu ali m'manda, mayiyo ali kwawo, onse awiri sangathe kudzifunditsa."

"Nanga ndikawerengabe?"

"Pakamwa ndi panu, sindingakugwireni. Koma foni ikakafika ku Joni, bamboyo adzakwera basi, ndipo mukudziwa chimene adzachite akafika. Ulendo uno anakunamizirani kuti munapha munthu, pepala linakuyeretsani. Tikadzanyamula jeneza la maliro a Abiti Rajabu, Che Jawadu, palibe chipatala chimene chidzakulembereni pepala."